Hard disk ikayamba kuchenjeza, yambani mwapulumutsa mafayilo

Makompyuta ambiri amene akugwira ntchito kuno ku Kasungu ndi a kaunjika: ma HP, ma Dell ndi ma Lenovo amene anatumikira kale m'maofesi akunja asanafike kuno. Ndi omwewa amene akutayipa makalata m'mashopu a pa boma, akusunga mayina a alimi m'makopaletivi a soya ndi mtedza ku Santhe ndi ku Chamama, malikisi a ana m'masukulu, ngakhale nyimbo zimene anyamata a pa msika amaika m'mafoni a anthu. Ambiri mwa makompyutawa ali ndi hard disk, disiki yosunga mafayilo onse, ya mtundu wakale, yozungulira ija. Sikirini ikasweka mumagula ina, chaja ikapsa mumabwereka ya mnzanu, koma disiki ikafa imapita ndi katundu yense.

Mkati mwa disiki yotere muli timbale tachitsulo kapena tagalasi timene timazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamutu kowerenga kamene kamayandama pamwamba pa timbaleto osatikhudza. Mpata wake ndi wochepa kwambiri moti ngakhale kafumbi kamodzi sikangadutsepo. Chinthu chotere chimatha ndithu. Nthawi zambiri chimayamba chadandaula, koma ambirife tikamva dandaulolo timathamangira kukonza. Kukonza kudikire. Disiki yodwala ikhoza kukhala itatsala ndi maola owerengeka, ndipo maolawo ayenera kuthera pa kutulutsa mafayilo.

1. Zindikirani kuti ili ndi chenjezo

Chenjezo lomveka bwino ndi lolembedwa. Mukangoyatsa kompyuta, Windows isanatseguke, pa sikirini yakuda pamabwera mawu akuti "SMART Status BAD, Backup and Replace. Press F1 to Resume." Pa ma HP mawu ake ndi akuti "SMART Hard Disk Error" ndipo pamakhala nambala 301. Pa ma Dell, mukadina F12 poyatsa n'kusankha Diagnostics, disiki yolephera mayeso imatulutsa nambala 2000-0142. Windows nayonso ili ndi wake uthenga: "Windows detected a hard disk problem."

Pali maofesi amene munthu amadina F1 m'mawa uliwonse ngati mbali ya kayatsidwe ka kompyuta. Uthenga umenewu si wa vayirasi, ndipo kuika Windows yatsopano sikuuchotsa. Disiki iliyonse ili ndi kadongosolo kotchedwa SMART kamene kamawerenga zolakwika zake zomwe. Ikafika ponena kuti BAD, ndiye kuti nambala ina yadutsa malire amene opanga disikiyo anaika. Ndi disiki yeniyeniyo ikudzinenera.

Uthenga wa HP wakuti "Boot Device Not Found", wokhala ndi nambala 3F0, ndi wosiyana pang'ono. Ukungonena kuti kompyuta sikuona poyambira. Mwina disiki yafa, koma mwinanso yangosuntha pamene imalumikizidwa, kapena wina wasintha zinthu mu BIOS, kapulogalamu kodzutsa kompyuta Windows isanatseguke. Musalire maliro msanga.

Chenjezo lachiwiri ndi la m'khutu. Disiki yabwino imalira chapansipansi ndi kuthetheka pang'ono ikamawerenga. Yodwala imati tiki, tiki, tiki motsatizana, kenaka zii, n'kuyambiranso, kapena imakukuta, kapena imalira kuti pii, pii koma osazungulira. Musasokoneze ndi fani: fani imalira mosalekeza, imakweza kompyuta ikatentha, ndipo phokoso lake limatulukira kumene kumatulukira mphepo. Pa malaputopu ambiri disiki imakhala pansi pa pamene mumatsamiritsa dzanja potayipa. Ikani khutu pamenepo.

Chachitatu ndi khalidwe. Kompyuta ikujama mukatsegula foda inayake, yomweyomweyo nthawi zonse. Fayilo imene inatseguka dzulo lero ikukana. Mukamakopera pakubwera uthenga wotchula "cyclic redundancy check". Windows ikufufuza disiki nthawi iliyonse mukayatsa. Mu Task Manager, moonera zimene kompyuta ikuchita, disiki ili pa 100% koma liwiro lake likuonetsa pafupifupi ziro. Chimodzi chokha mwa izi si umboni wokwanira, chifukwa RAM yochepa, vayirasi kapena disiki yodzaza zimachedwetsanso kompyuta. Koma zikakumana ziwiri kapena zitatu, chitani ngati disiki ikufa mpaka mutatsimikiza kuti ayi.

2. Sankhani: kuzimitsa kapena kukopera

Ngati disiki ikugogoda kapena kukukuta, zimitsani pompo, ndipo musayatsenso kuti muone ngati yasiya. Phokoso limenelo nthawi zambiri limatanthauza kuti kamutu kowerenga kawonongeka kapena kakukhudza mbale, ndipo kuzungulira kulikonse kukupala pamene pali mafayilo anu. Pitani pa mfundo ya 6.

Ngati palibe phokoso lachilendo ndipo mafayilo akutseguka, ngakhale mochedwa, musazimitse ndipo musachite restart. Disiki yodwala imavutika kwambiri pa nthawi yoyatsa, ndipo ulendo uno ukhoza kukhala womaliza kudzuka. Tsekani mapulogalamu onse, imitsani antivirus ngati ikufufuza disiki yonse, tumani mwana akabwereke fulashi kapena external (disiki yolumikiza kunja pa USB), inu mukhale pomwepo.

3. Koperani, koma mwadongosolo

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, ndiye tichedwepo.

Kokopera kwake kukhale chipangizo china. Amisiri ambiri poika Windows amagawa disiki pawiri, C ndi D, n'kukuuzani kuti muzisunga zofunika mu D. Zimenezo zimathandiza Windows ikawonongeka, koma C ndi D ndi disiki imodzi yomweyo. Ikafa, zonse ziwiri zapita. Choncho mukufunika fulashi, external, kompyuta ina kapena intaneti.

Onetsetsani magetsi. Laputopu ikhale pa chaja ndipo batire ikhale ndi moto wokwanira. Ngati batire inafa kale, kapena ndi desktop yopanda UPS (kabokosi ka batire kosunga moto magetsi akathima), koperani pamalo pamene pali sola ndi invetala kapena jenereta, chifukwa magetsi akathima disiki yodwala ili mkati mowerenga, mwina sidzukanso. Ngati muyenera kuinyamula kupita kumeneko, yambani mwakopera zochepa zofunikitsitsa pomwe mulipo. Ikhale pa tebulo lolimba, pozizira, ndipo musaisunthe ikamagwira ntchito.

Musasankhe zonse n'kuponya pa external kamodzi. Yambani ndi zimene simungazipezenso kwina: ma Excel a ngongole ndi zokolola, malikisi, makalata, zithunzi za ukwati ndi za maliro, pulojekiti ya ku koleji. Zimenezi kawirikawiri n'zazing'ono ndipo zimatha mphindi zochepa. Mafilimu, nyimbo ndi ma setup a mapulogalamu zibwere pomaliza, kapena zisiyeni. Mudzazipeza kwa anzanu. Yang'anani mu Desktop, Documents, Downloads ndi Pictures, chifukwa ambirife timasunga paliponse. Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu yowerengera ndalama, tsegulani muone pamene imasunga fayilo yake, popeza nthawi zambiri sikhala mu Documents. Ogwiritsa ntchito Outlook afufuze mafayilo othera ndi .pst.

Gwiritsani ntchito Copy, osati Cut. Zikaduka pakati, Cut imakusiyani osadziwa chimene chasamuka ndi chimene chatsala.

Kukopera kukaima pa fayilo imodzi, dinani Skip, lembani dzina lake pa pepala, pitirirani. Fayiloyo yakhala pamalo owonongeka, ndipo kuikakamiza kumatopetsa disiki zinazo zisanatuluke. Mudzaibwerera pomaliza. Amene saopa Command Prompt, windo lakuda lolembamo malamulo lija, angagwiritse ntchito lamulo ili, kusintha dzina ndi zilembo kuti zigwirizane ndi kompyuta yawo:

robocopy C:\Users\Dzina\Documents E:\Zopulumutsa /E /R:1 /W:1

Musaiwale /R:1 ndi /W:1. Popanda zimenezi robocopy imayesa fayilo yokana maulendo 1 miliyoni, kudikira masekondi 30 ulendo uliwonse. Mukaziika, imayesanso kamodzi kokha n'kudutsa.

Mafayilo ochepa ofunikitsitsa aikeninso pa intaneti. Akaunti ya Gmail imabwera ndi 15 GB yaulere pa Google Drive, ndipo zikalata za chaka chonse sizingathe bandulo yaikulu. Ngakhale kudzitumizira nokha pa imelo kapena pa WhatsApp n'kwabwino kuposa kusatero.

Chinthu china chimene chimaiwalika ndi BitLocker. Pa makompyuta ena, makamaka a Windows 11 ndi amene anachokera m'makampani, disiki imakhala yokhomedwa mwini wake osadziwa. Ikatulutsidwa n'kuikidwa pa kompyuta ina imafuna kiyi ya manambala 48. Windows ikadali kutseguka, lembani BitLocker kapena Device encryption pofufuzira paja muone ngati ndi yoyatsa. Ngati ndi yoyatsa, kiyiyo ipezeni tsopano, kawirikawiri imakhala mu akaunti yanu ya Microsoft, ndipo muilembe mu kope.

Mukamaliza, tengani fulashiyo pa kompyuta ina, tsegulani mafayilo angapo muone ngati alidi amoyo. Pali mafulashi achinyengo olembedwa 64 GB kapena 128 GB pamene mkati mwake ndi ochepa. Amalandira mafayilo bwinobwino koma potsegula mumapeza zopanda pake.

4. Tsopano funsani disikiyo

Mafayilo ali pabwino, ndiye mungathe kufufuza. Pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo imawerenga SMART n'kukuonetsani. Itengeni pa kompyuta ina, mtundu wosafuna kuikidwa uja, muitsegulire pa fulashi. Imaonetsa Good mu mtundu wa buluu, Caution mu wachikasu, Bad mu wofiira. Musakhutire ndi mtundu wokha. Pitani pa Function, Advanced Feature, Raw Values, musankhe 10 DEC kuti manambala a kumapeto kwa mzere uliwonse akhale owerengeka, kenaka yang'anani mizere iyi.

Mzere wa 05, Reallocated Sectors Count. Disiki imagawidwa m'tizigawo ting'onoting'ono, ndipo ili ndi tina tapadera tosungira. Kachigawo kakawonongeka, disiki imakasiya n'kutenga kapadera. Nambala iyi ikukuuzani kuti zimenezi zachitika kangati.

Mzere wa C5, Current Pending Sector Count, ndi tizigawo timene disiki yalephera kuwerenga ndipo sinadziwe chochita nato. Ine mzere umenewu ndimauopa kuposa wa 05, chifukwa pamenepa pakhoza kukhala fayilo yanu. Wa C6 ndi wa BB akuwerenga zolakwika zimene disiki yalephera kuzikonza, ndipo wa BC ndi malamulo amene disiki inachedwa kuyankha mpaka kompyuta inatopa kudikira. Si disiki iliyonse imene imaonetsa mizere yonseyi. Kampani ya Backblaze, imene imasungira anthu mafayilo pa ma disiki masauzande ambirimbiri, imayang'anira mizere isanu yomweyi pofuna kudziwa disiki yoyenera kuchotsedwa.

Pa disiki yabwino mizere ya 05, C5, C6 ndi BB imakhala pa ziro. Ikachoka pa ziro, lembani manambalawo ndi tsiku, mudzaonenso mawa ndi sabata yamawa. Nambala yokwera ndi chigamulo. Zili ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga: mukaona atatu pamwamba, musaganize kuti alipo atatu okha.

Mizere iwiri imaopseza anthu pachabe. Pa ma disiki a Seagate, wa 01 ndi wa 07 umaonetsa manambala aakulu zedi ngakhale disiki ili yatsopano. Ndi kawerengedwe kawo chabe. Ndipo wa C7, UltraDMA CRC Error Count, kawirikawiri ukunena za chingwe kapena polumikizira, osati mbale. Pa desktop sinthani chingwe cha SATA, cholumikiza disiki mkati mwa kompyuta. Nambalayo sibwerera pa ziro, koma ikasiya kukwera, vuto latha.

Kodi Good ndiye kuti mugone tulo? Ayi. Mu 2007 akatswiri a ku Google anatulutsa kafukufuku wa ma disiki oposa 100,000 a m'makina awo. Anapeza kuti disiki imene yapezeka ndi cholakwika choyamba pa mbale zake inali pa chiopsezo chakufa m'masiku 60 chachikulu ka 39 kuposa inzake yopanda cholakwika. Koma anapezanso kuti mwa ma disiki amene anafa, oposa 36 pa 100 alionse sanaonetse chizindikiro chilichonse cha SMART. Ndiye SMART ikati zaipa, ikhulupirireni. Ikati zili bwino pamene khutu lanu likumva kugogoda, khulupirirani khutu.

Pulogalamu yomweyi muziitenga pa fulashi pokagula laputopu ya kaunjika. Onani Power On Hours. Chaka chili ndi maola 8,760, choncho disiki ya maola 30,000 yazungulira kuposa zaka zitatu zathunthu usana ndi usiku. Nenererani mtengo mukudziwa kuti posachedwa mugula ina.

5. Zimene simuyenera kulola

Kufomata. Windows ikanena kuti "You need to format the disk before you can use it", dinani Cancel. Mafayilo amakhala akadalimo. Chimene chasokonekera ndi mndandanda wosonyeza pamene ali. Kuika Windows yatsopano nakonso ayi. Ndi mankhwala amene amaperekedwa pa nthenda iliyonse ya kompyuta m'mashopu athu, koma pa disiki yodwala kumalemba pamwamba pa zimene mukanapulumutsa, ndipo pakapita masabata ochepa kujama kumabwerera.

Lamulo la chkdsk /r limalangizidwa kwambiri pa intaneti. Limawerenga disiki yonse kwa maola ambiri, kubwerezabwereza pamalo owonongeka, ndipo cholinga chake ndi kukonza dongosolo la disiki, osati kusunga mafayilo anu. Likhoza kudula mafayilo kukhala tizidutswa. Musaliyendetse musanakopere. Defragment, yosanjanso mafayilo pa disiki, chimodzimodzi.

Mapulogalamu obwezeretsa mafayilo monga Recuva kapena PhotoRec musawaike pa disiki yodwalayo, ndipo zimene apeza zisasungidwe pomwepo.

Kuika disiki mu firiji, kuimenya ndi chikhatho, kuitsegula ndi sikuludilaiva kuti muone chimene chikugogoda: zonsezi zisiyeni. Firiji imabweretsa chinyezi pa mbale, ndipo disiki yotsegulidwa pa tebulo la m'shopu mu Seputembala, fumbi lili tolo, ndiye kuti yatha.

6. Ngati Windows sikutsegukanso

Disiki imene sikugogoda koma ikulephera kutsegula Windows nthawi zambiri imawerengeka ikakhala ngati mlendo pa kompyuta ina. Mmisiri amaitulutsa n'kuilumikiza ndi kachingwe ka SATA kopita ku USB, kapena amayatsa kompyuta yanu ndi fulashi ya Ubuntu (mtundu wa Linux, dongosolo lina logwira ntchito m'malo mwa Windows) n'kukopera kuchokera mmenemo. Ngati ndi external imene ikulira kuti pii, pii, yesani chingwe china chachifupi ndi doko lina la USB, pa desktop la kumbuyo, kamodzi kokha; nthawi zina ndi moto umene ukuchepa.

Disiki ikakhala ndi malo owonongeka ambiri, njira yabwino ndi kujambula disiki yonse kupita pa ina yabwino yaikulu kuposa iyo, pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya pa Linux yotchedwa ddrescue. Imayamba ndi malo osavuta, kudumpha ovuta, n'kudzawabwerera pomaliza. Imalembanso pamene yafika, moti magetsi akathima imapitirira pomwe inalekera. Kufufuza mafayilo kumachitika pa kope yatsopanoyo, yodwalayo itapuma.

Popereka kompyuta nenani momveka: "Achimwene, muli mafayilo amene ndilibe kwina kulikonse. Musafomate, musaike Windows ina. Mukopere kaye, ndione, kenaka tikambirane zokonza." Mmisiri wabwino sakhumudwa ndi mawu amenewa. Ngati muli zinsinsi za ofesi kapena za anthu, khalani pomwepo akamakopera.

Disiki yogogoda imafuna kutsegulidwa m'chipinda chopanda fumbi, ndi zida zapadera ndi disiki inzake yofanana yochotsako ziwalo. Ndi ntchito yodula. Musanatumize ku Lilongwe kapena kwina kulikonse, funsani ngati ali nacho chipinda chotero, ndiponso ngati mudzalipira akalephera. Disiki yozimitsa siwonjezera kuwonongeka mwamsanga, choncho ikhoza kudikira m'kabati pouma mpaka ndalama za fodya kapena soya zitalowa.

7. Sinthani disiki

Disiki imene yachenjeza sichira. Pali mapulogalamu amene amalonjeza kukonza malo owonongeka. Chimene amachita ndi kukakamiza disiki kubisa malowo, nthenda ili pomwepo. Ngati ndi yatsopano, onani risiti ndi warranty musanachite china.

Pogula ina, ganizirani SSD, disiki ya mtundu watsopano imene imasunga mafayilo ngati mmene imachitira fulashi. Malaputopu ambiri akale amalandira SSD ya SATA ya mainchesi 2.5 pamalo pomwepo pamene panali yakale. Ilibe chozungulira, choncho siopa mabampu, ndipo kompyuta imathamanga moonekeratu. Kwa alembi a makalabu a fodya amene laputopu imakwera nawo kabaza kupita ku Chinkhoma, SSD ya 256 GB ndi yanzeru kuposa disiki yozungulira ya 1 TB. Ikani Windows yatsopano m'malo mosamutsa yakale, chifukwa yakaleyo mwina inalumala kale.

Dziwani kuti SSD nayo imafa, ndipo imafa mwakachetechete. Sigogoda. Zizindikiro zake ndi kukana kusunga chatsopano pamene zakale zikutseguka, kusowa mwadzidzidzi n'kudzaonekanso, kapena moyo wotsala umene CrystalDiskInfo imaonetsa ukamatsika. Ikayamba kukana kusunga, koperani tsiku lomwelo.

Yatsopanoyo muisamale ndi zinthu zathu zomwezi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa disiki yozungulira kukamapitirira madigiri 50, ichotseni pa bedi kapena pa miyendo, mupemerere fumbi la m'fani. Nthawi ya mvula, kukayamba ziphaliwali zulani mapulagi kukhoma. Desktop ikhale ndi UPS, ngakhale yaing'ono yongokupatsani mphindi zozimitsira bwino. Laputopu musaiponye m'chikwama itangotsekedwa chivindikiro. Dikirani izime kaye. Ndipo fayilo yofunika izikhala malo atatu: pa kompyuta, pa external imene sigona m'chikwama chimodzi ndi laputopu, ndi pa intaneti. Sankhani tsiku, kaya Lachisanu poweruka, likhale lokopera.

8. Yakaleyo

Isungeni masabata angapo m'kabati mutailemba tsiku, chifukwa nthawi zonse pamakhala fayilo imene mumaikumbukira mochedwa. Pambuyo pake musaigulitse, musaipatse mwana wa asisi kuti azisungira mafilimu, ndipo musaisiye kwa mmisiri. Mukhoza kukhala manambala a ziphaso za alimi, maakaunti a ku banki kapena zithunzi za banja, ndipo kufomata wamba sikuzifafaniza. Ngati ikuwerengekabe, ifafanizeni ndi pulogalamu yolemba maziro pa disiki yonse. Ngati sikuwerengeka, pitani nayo kwa owotcherera zitsulo aiboole ndi drill malo atatu kapena anayi podutsa pa mbale, maso ataphimba, chifukwa mbale za ma disiki ena a laputopu ndi zagalasi ndipo zimathetheka.